Mbira za a Pampu, Mbewa za Kaphee

Amene ndikumulemba pano ndi mdzukulu wanga woyamba, amene kunyumba timamutcha Kaphee. Bambo ake ndi mwana wanga wachisamba, amene anthu onse amamudziwa kuti a Pampu, chifukwa unyamata wake wonse anauthera ndi pampu yopoperera mankhwala kumsana. Mayi ake ndi telala, mpongozi wanga, mkazi wa mawu ochepa amene makina ake osokera anaphunzitsa ana atatu. Kaphee anakwatiwa ndi makaniko wa mabasi, ndipo ali ndi mwana mmodzi wamkazi amene timangomuitana kuti Bwana, popeza ndiye amalamula nyumba imeneyo. Dzina loti Kaphee ndinamupatsa ndine. Ali wakhanda unkatha kumugoneka pansi n'kupita kukachapa, pobwera n'kumupeza ali phee, maso ali pa nyerere.

Ndalemba izi chifukwa pali anthu, ena a iwo amagazi athu omwe, amene akhala akuyendetsa nkhani yoti mdzukulu wanga anathamangitsa bambo ake pakhomo chifukwa cha kunyada. Ine ndinalipo. Wofuna kumunena ayambe wawerenga, akamaliza abwere kwa ine.

Mwana wanga anagwira ntchito zaka zambiri pafamu ina ya maluwa. Maluwawo ankalimidwa m'zinyumba zazitali zofoleredwa ndi pulasitiki, zotentha ngati uvuni, ndipo iye ankalowamo kukapopera mankhwala ophera tizilombo. Zophimba kumaso ndi magolovesi zinkatuluka m'sitolo tsiku limene kukubwera alendo. Masiku ena onse ankangomanga kansalu kukamwa n'kulowa. Ovololo yake mpongozi wanga ankaichapira m'beseni lakelake, ndipo madziwo akawataya pa udzu, udzuwo unkafiira.

Kenako thupi linayamba kumukana. Chimfine chimene anzake ankachira nacho posachedwa, iye chinkamugoneka mwezi. Akadzicheka ndi waya, kabalako kankasanduka chilonda. Anakayezetsa matenda onse, ngakhale aja anthu amanong'onezana, koma sanamupeze nawo. Dokotala wina anangomuuza kuti asilikali a m'thupi mwake afooka, ndipo mwina ndi mankhwalawo, koma umboni panalibe. Anasiya ntchito ali bambo wamphamvu zake, n'kukhala pakhonde ngati katundu woiwalika.

Chimene chinamudzutsa pakhondepo ndi mbira. Mnzake wina anamupatsa zitatu, tinyama tija tonenepa topanda mchira. Anatola matabwa a makireti ndi waya, n'kukhoma khola kuseri kwa nyumba. Zinaswana, makola anachuluka, anthu anayamba kubwera kudzagula, a madimba n'kumabwera kudzatenga manyowa. M'mawa uliwonse ankapita ndi chikwakwa kukamweta udzu, ndipo zikangomva kuyenda kwake zinkayamba kuliza timalikhweru tawo, bwalo lonse phokoso. Ndinamuonanso mwana wanga akuseka.

Kaphee anakulira m'makola amenewo. Abale ake ankathawa ntchito yokolopa, koma iye ankatsatira bambo ake ngati mchira. Bamboyo ankamuuza kuti, "Nyama saigwira ndi mphamvu. Dzanja likanjenjemera, nayo imanjenjemera. Yamba wadekha iweyo." Anamuphunzitsa kuona ubweya ukaima, diso likachita chifunga, ndi kanyama kamene kadzipatula pakona anzake akudya.

Atamaliza sekondale anachita maphunziro a kasamalidwe ka ziweto, ndipo kunatuluka ntchito pamalo ena ochitira kafukufuku, kumene amasunga mbewa zoyera. Tsiku loyesedwa, aliyense anapatsidwa mbewa kuti aigwire. Kaphee anangotsitsa chikhatho m'bokosi n'kudikira, mbewayo n'kukwera yokha. Ntchito inakhala yake. Bambo ake anayenda msewu wonse akuuza aliyense, ngakhale wogulitsa makala, kuti, "Manja amenewo ndi anga! Ndinawasula ndine!"

Kuntchitoko kuli lamulo. Munthu wolowa m'chipinda cha mbewazo sayenera kugwira kapena kuyandikira tinyama tina tamtundu umenewo, kaya makoswe, kaya mbira. Akatero, ayenera kukhala masiku angapo osalowa. Zaka zoyambirira lamuloli silinavutitse munthu. Kaphee ankapita kwa makolo ake akakhala patchuthi, n'kudikira masiku akewo, n'kubwerera kuntchito. Koma kenako kunayamba kafukufuku wamkulu wa miyezi yambiri, ndipo anasankha anthu awiri okha oti azisamalira mbewazo tsiku ndi tsiku, aliyense zakezake. Mmodzi anali iye. Anawaimbira foni bambo ake kuwauza kuti kwa kanthawi sazibwera kunyumba. Bamboyo anayankha kuti wamva, koma mumtima anati: mwana akalephera kubwera, kholo limapita.

Nthawi imeneyo ine ndinkakhala kwa Kaphee, kumulera Bwana. Loweruka lina masana tinamva mawu pageti.

"Odi kuno! Bwana alipo? Ndawabweretsera antchito!"

Anali mwana wanga, atavala jekete lake labwino, katoni yoboolaboola ili kukhwapa. Bwana anathamanga. Kaphee anatuluka kukhitchini manja ali ndi thovu, ndipo nthawi yomweyo m'katoni muja munamveka kalikhweru. Kaphee anamugwira Bwana diresi kumbuyo n'kumukokera kwa iye.

"Bambo, imani pomwepo. Chonde musalowe."

"Ati chiyani?"

"Muli chiyani m'katonimo?"

"Ukufunsa ngati wagontha? Ziwiri, yaimuna ndi yaikazi. Mwana akule akudziwa kugwira chinthu chamoyo, osati foni yokhayokha."

"Sizingalowe muno, Bambo. Ndinakuuzani za kuntchito zija. Ngakhale zovalazo, mwanyamula nazo katoniyo. Dikirani ndikutulutsireni mpando panja pa geti, ndikubweretsereni tiyi, tikambirane."

Nyumba za kumeneko n'zoyandikana. Mayi wa nyumba yotsatira, amene ankayanika zovala, anaima ndi malaya m'manja. Mwana wanga anayang'ana mayiyo, n'kuyang'ana jekete lake, n'kulinunkhiza paphewa.

"Ndanunkha?"

"Si choncho, Bambo."

"Ndikufunsa. Ndanunkha? Fungo limene linakulipirira sukulu lija layamba kukusanzitsa?"

"Agogo, auzeni!" anatero Kaphee akundiyang'ana.

Koma panthawiyo nanenso sindinkazimvetsa. Mwana wanga anakonza chipewa chake, anasinthira katoni kukhwapa lina, n'kutembenuka. Sanamwe ngakhale madzi. Bwana analira kufuna antchito ake, ndipo mayi ake anakhala pansi pakhomo pomwepo, misozi ikutsika. Lolemba anadzuka n'kupita kuntchito.

Nkhani inafika kwa mwana wanga wamkazi, azakhali ake a Kaphee, amene amagulitsa nsapato pamsika. Ameneyo ndinabereka ndine, koma pakamwa pake sindikudziwa kumene anapatenga. Sabata isanathe, msika wonse unkadziwa kuti mwana wa a Pampu amapatsa bambo ake mpando kunja kwa geti ngati wopemphetsa. Bamboyo anasiya kuyankha foni ya mwana wake.

Ndinamukhazika pansi Kaphee. "Iwe, ndiuze. Mbewa ndi bambo ako, wamkulu ndani?"

"Agogo, ndikalongosola muziti ndikudzikometsera. Bwerani mukaone nokha."

Anandipemphera chilolezo, ndipo ndinapita. Anatilandira ndi mkulu wa kafukufukuyo, dokotala wamkazi waimvi, wovala nsapato zothamangira. Anandifunsa kaye ngati ndagwirako nyama iliyonse masiku amenewo. Ndinati nyama imene ndimagwira ndi Bwana yekha, ndipo ameneyo amaluma kuposa mbewa. Anaseka n'kundiimika mukhonde, pawindo lalikulu lagalasi losatsegula.

Mdzukulu wanga analowera chitseko china. Kumeneko amavula zonse, kusamba ndi sopo wopanda fungo, n'kuvala zina. Atatulukira mkati mwa galasimo sindinamuzindikire: ovololo yobiriwira, kachipewa kobisa tsitsi, chophimba kukamwa, magolovesi, ngakhale nsapato zitavekedwa timatumba. M'chipindamo munali mashelefu achitsulo, ndipo pamashelefupo timabokosi tapulasitiki toonekera mkati, kalikonse ndi botolo lake la madzi ndi kakhadi ka mtundu wake, kofiira, kachikasu, kobiriwira. Pansi pankawala kuposa mbale zanga. Dokotalayo anandiuza kuti ngakhale utuchi umene mbewazo zimagonapo amauphika kaye. Ndinati mbewa zimenezi zikukhala bwino kuposa aphunzitsi.

Kaphee ankatsitsa bokosi limodzi, kutulutsa mbewa, kuiyang'ana m'maso ndi pamimba, kuiika pasikelo, kuibwezera. Sankafulumira. Mbewazo zinkakwera m'chikhatho mwake ngati zikupita kwawo.

"Mbewa zonsezi n'zapachibale, Agogo," anatero dokotala uja. "Zinabadwa mofanana, zimadya mofanana. Gulu lina limamwa madzi abwinobwino. Gulu lina timaliikira m'madzimo kachiphe kochepa, ka mtundu umene anthu amapopera m'minda, pang'onopang'ono monga mmene munthu amakapumira pantchito. Gulu lachitatu limamwa chiphe chomwecho, koma timalipatsanso mankhwala amene tikuganiza kuti angateteze thupi. Pakapita nthawi zonse timazibaya katemera, kenako timayang'ana m'magazi kuti tione ngati asilikali adzuka kapena agona."

"Nanga zakumwa chiphe ndi ziti?"

"Mdzukulu wanuyo sakudziwa, ndipo sitimuuza. Akadziwa, mtima wake ungamakondere zina. Iye amangoona mitundu ya makhadi."

"Chabwino. Tsono mbira za mwana wanga zalakwanji?"

"Sizinalakwe. Koma mbira ikhoza kunyamula kachilombo iyo ili gwa, ikudya bwinobwino. Kachilomboko kakalowa muno, kaya patsitsi kaya m'chikhadabo, asilikali a mbewa zonsezi adzuka kukalimbana nako. Ndiye tikayeza magazi sitingadziwe kuti tikuona za chiphe, za mankhwala athu, kapena za mlendoyo. Tikhala kuti nyama zonsezi tazivutitsa pachabe, ndipo tidzayenera kuyambiranso ndi zina."

Ndinafunsa ngati sangamupumitse Kaphee masiku angapo, wina n'kumugwirira. Anati mbewa zimazolowera manja, ndipo zikagwidwa ndi mlendo zimachita mantha, manthawo nawonso amasintha magazi. Ndinafunsanso chimene chimachitika pamapeto. Sanandibisire. Anati imene yayamba kuvutika amaichotsa msanga, ndipo woyamba kuiona amakhala Kaphee. Zotsalazo pamapeto amazigoneka tulo tosadzuka nato, kuti aone kapamba ndi ziwalo zina.

Ndinayang'ananso mdzukulu wanga mugalasimo. Ndinaona kuti pageti paja sanateteze malipiro ake okha. Anakana kuti tinyama timene amatigwira tsiku ndi tsiku tife popanda chifukwa. Khalidwe limenelo ndikudziwa kumene analitenga.

Ndinakwera basi kupita kwa mwana wanga. Ndinamupeza kuseri akugawa udzu, ndipo ndinamufotokozera zonse mmene ndinazionera.

"Amayi, nanunso akuphunzitsani?" anatero osandiyang'ana. "Mwabwera ndi digiri?"

"Ndabwera ndi maso. Iwe unapitako?"

"Ndikatani? Andiika kunja kwa geti. Mbewa zili ndi mwana, ine ndilibe."

"Pakamwa pako! Chibale ndi fupa, sichiola. Amene unamuphunzitsa kuti nyama isavutike pachabe ndi iwe wemwe, lero ukumukwiyira chifukwa anamva?"

Anangopitiriza kugawa udzu. Kuuma mutu kumeneko sindingamudzudzule nako kwambiri, anatengera kuchimuna ndi kuchikazi komwe.

Nyengo yozizira itafika, chibayo chinamugwira. Anamugoneka m'chipatala, dripi pamkono, mpweya ukuchita kulira m'chifuwa. Kaphee atamva, anapita kaye kwa dokotala wa ziweto wa kuntchito kwawo kukafunsa. Dokotalayo anamuuza kuti munthu amene wasambitsidwa, wavala zovala zachipatala, ndipo ali kutali ndi makola ake, palibe choletsa kumuona. Choncho malo oyamba kumene bambo ndi mwana anatha kuyandikana anali wodi ya amuna, pakati pa anthu otsokomola.

Kaphee ankabwera tsiku lililonse akaweruka. Bamboyo akangomva mawu ake ankatembenukira kukhoma. Kaphee sankamuchonderera. Ankakhala pampando, kumupukuta thukuta, kumusisita mapazi, nthawi ikakwana n'kunyamuka. Ine ndinkakhala mbali inayo kuonerera anthu awiri ofanana akupikisana kukhala chete.

Tsiku lina, nkhope ili kukhoma komweko, mwana wanga analankhula.

"Zimadya?"

Kaphee anandiyang'ana, kenako anayankha. "Zimadya, Bambo. Koma za khadi lachikasu zayamba kusiya."

"Ubweya?"

"Wayamba kuima pang'ono kumsana. Zikumaunjikana pakona."

"Zikuzizidwa zimenezo. Uziwonjezere utuchi."

"Ndikawonjezera izo ndiyenera kuwonjezera zonse, mofanana. Ndinapempha, analola."

Bamboyo anatembenuka pang'onopang'ono, dripi ikugwedezeka. "Agogo ako akuti mumazimwetsa zimene ndinkapopera zija."

"Mtundu womwewo."

"Ndiye mankhwala otetezawo akatheka, andichiritsa?"

Apa azakhali ake akanakhalapo akanati eya, kuti wodwala asangalale. Ngakhale ine lilime linandiyabwa. Koma Kaphee anamuyang'ana bambo ake m'maso.

"Ayi, Bambo. Mbewa si munthu. Zikatheka kwa mbewa, padzafunika zaka kuti ayese kwa anthu, ndipo mwina sizidzatheka n'komwe. Komanso ndi oteteza munthu asanapweteke. Inu munapweteka kale."

Wodwala wa bedi lotsatira anasiya kutafuna. Mwana wanga anayang'ana kudenga. Kenako anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa.

"Ndiye mbewa zakozo ndi anzanga akuntchito," anatero atapuma. "Tikupopera limodzi. Ukazipatse moni. Uziuze kuti zikakamire magolovesi."

Anatambasula phazi lina kuti alisisite.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma kuchira kwake ndi kumene kunaibweza. Atatulutsidwa m'chipatala anabwerera kunyumba kwake, kumene kuli makola, ndipo Kaphee sakanathanso kulowa. Ankabwera Lamlungu ndi zipatso ndi mankhwala, n'kuima pamphambano patsidya pa msewu. Mayi ake ankasamba, kusintha zovala, n'kupita kukalandira. Bamboyo, miyendo isanalimbe, ankaonera pawindo. Mwana ankakweza dzanja, bambo n'kukweza dzanja, basi. Ine nthawi imeneyo ndinali nditasamukira kumeneko kukathandiza mpongozi wanga, ndipo ndinkaona mmene ankakhalira pawindopo mpaka basi itamutenga mwana wake.

M'mawa wina anaitanitsa mnzake uja anamupatsa mbira zoyamba, amene amakhala kutsidya lina la tauni. Anabwera ndi kagalimoto kobwereka ndi makatoni.

"Tenga zonse," anatero mwana wanga.

Ndinalumpha. "Wapenga? Udya chiyani? Udzuka m'mawa kukatani?"

"Amayi, khalani pansi."

"Sindikhala! Kafukufukuyo atha, sudikira bwanji? Zinthu zimene zinakudzutsa pakhonde ukuzipereka ngati zinyalala?"

"Chifuwachi chikadzabweranso sichidzafunsa ngati kafukufuku watha," anatero. "Mbira zimaswana mwezi ndi mwezi, Amayi. Kaphee anabadwa kamodzi."

Anazilongedza yekha, imodziimodzi, akumuuza mnzakeyo kuti iyi ndi yaukali, iyi ili ndi bere, iyi imakonda makoko a nthochi. Sanalandire kanthu, anati abale sagulitsa. Galimoto itachoka ndi timalikhweru take, anatenga hamala n'kuyamba kugumula makola. Mphamvu zinamuthera pakati, ndiye tinamalizitsa ine ndi mpongozi wanga. Matabwa tinawotcha, pansi tinapala, khoma tinapaka laimu. Mpongozi wanga anawiritsa zovala zonse ndi zofunda, jekete labwino lija n'kutuluka litafupika manja.

Wokamuuza Kaphee ndinali ine. Ndinamupeza akusenda mbatata, ndipo mpeni unamugwa. Anafuna kuthamangira komweko, anafika mpaka pageti, kenako anaima. Anabwerera, n'kuimbira dokotala wa ziweto uja. Dokotalayo anamuuza kuti adikire milungu ingapo kuti pakhomopo papite mphepo ndi dzuwa. Anadikira. Amene akuti mwanayu alibe mtima sanamuone mmene anaondera milungu imeneyo.

Tsiku limene analoledwa, anafika ndi Bwana ndi makaniko wake. Sanalowe m'nyumba. Anazungulira kuseri n'kuima pabwalo loyera lija, pamene panangotsala mabowo a mitengo ya makola. Bambo ake anamutsatira ndi ndodo.

"Ndinakupemphani?" anatero Kaphee. Aka kanali koyamba kumumva akukweza mawu kwa bambo ake.

"Ine ndinakupempha kuti ubadwe ndi mutu woumawu?"

"Mukanadikira! Miyezi yochepa yokha!"

"Ndadikira pawindo, khosi linauma. Tsono ulowa kapena ndikutulutsire mpando kunja kwa geti?"

Makaniko uja anaphulika kuseka, n'kudzigwira pakamwa. Kaphee anamugwira bambo ake n'kubisa nkhope m'jekete lofupika lija, ndipo analira mokweza, mpaka aneba anasuzumira. Bwana anakoka ndodo ya agogo ake n'kufunsa kuti antchito ake aja ali kuti.

"Afunse amako," anatero mwana wanga.

Kaphee anapukuta nkhope. "Kafukufukuyu akatha ndipempha andichotse m'chipinda chimenecho, andiike kwina. Makolawa ndidzakhoma ndine, ndi manja angawa. Zoyamba kulowamo ndidzabweretsa ndine."

"Usandibweretsere zilizonse. Zazikazi ziwiri ndi yaimuna imodzi. Yaimunayo ikhale yofiirira, yamphumi yoyera."

"Ndamva."

"Agogo ako ndi mboni."

Ndinavomera umboniwo, ndipo ndikuusungabe. Azakhali ake atamva zonsezi anati iwo sananenepo kanthu, ankangobwereza zimene anthu ankanena. Ndinamuuza kuti nsapato zimene amagulitsa zili ndi malilime, koma sizilankhula, atengereko phunziro.

Kuyambira pamenepo Kaphee amapita kwa makolo ake Lamlungu lililonse. Amamuyang'ana bambo ake m'maso, m'kamwa, pazilonda, mpaka iye amadandaula kuti kwangotsala kumuika pasikelo. Koma sindinganame kuti mwana wanga zinamuyendera bwino zonse. Manja ake alibe chogwira. Kangapo ndamuona akubwera m'mawa ndi mtolo wa udzu paphewa, n'kuima nawo pakati pa bwalo, kenako n'kukaupereka kwa neba wa mbuzi. Ndalama ya mbira inasowa m'nyumbamo, ndipo makina a mpongozi wanga tsopano amalira kuyambira m'mawa. Iye sadandaula. Amangowerengera kuti kafukufuku atha liti.

Anathadi. Lamlungu lapitali Kaphee anabwera, koma anakhala pampando osavula nsapato, chikwama chili pamiyendo. Bambo ake anali atagula kale misomali, ili m'kachitini pawindo.

"Lankhula," anatero bamboyo. "Nkhope imeneyo ndimaidziwa."

"Atiululira mitundu ya makhadi. Zachikasu zija ndi zimene zinkamwa chiphe chokha. Asilikali awo anagonadi, katemera sanawadzutse bwino."

"Ndinadziwa. Nanga zomwa ndi mankhwala?"

"Zinachitako bwino. Osati kwambiri, koma kusiyana kukuoneka. A dokotala akuti kamodzi si umboni, mwina zangochitika. Akufuna kubwerezanso ndi mbewa zambiri, nthawi yotalikirapo." Anakumbatira chikwama chija. "Andipempha kuti ndikhale ine woyang'anira chipindacho. Sindinayankhe. Ndinawauza kuti ndili ndi lonjezo kunyumba."

Mpongozi wanga anaimitsa makina. Ine ndinatseka pakamwa panga ndi dzanja, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikapatsegula nditenga mbali, ndipo onsewo ndi anga.

Mwana wanga anayang'ana kachitini ka misomali, n'kuyang'ana kubwalo kudzera pawindo.

"Ukakana, azigwira ndani?"

"Apeza wina."

"Wina wake uti? Wogwira mbewa ngati akufinya ndimu?" Anagwedeza mutu. "Anzanga akuntchito amenewo sindingawasiye m'manja mwa aliyense. Kavomere."

"Bambo, ndi chaka chathunthu. Mwina kuposa."

"Ndamva, sindine wogontha. Koma usaganize kuti ndakukhululukira. Ngongole ikachedwa imabereka. Pano zazikazi zakhala zinayi."

"Zinayi."

"Ndipo khola likhale la nsanjika, lamalata, osati zamakireti zija."

"Ndamva, Bambo."

"Amayi, mwamva? Muonjezere pa umboni uja."

Ndinati ndamva. Kaphee anavula nsapato, anaika chikwama pansi, n'kupita kukhitchini kukathandiza mayi ake. Lolemba anakavomera ntchitoyo. Mbira za bambo ake sanabwezebe.